Saundi kadi ikuthetheka komanso kuzima yokha, kwaya ikubweranso Loweruka, ndithandizeni

Mphwanu_wa_Salima:

Akuluakulu mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa tulo sabata yachiwiri ino, mwina pali wina anakumanapo nalo.

Ine ndili ku Salima cha ku Kamuzu Road, ndili ndi ka situdiyo m'chipinda chakuseri kwa nyumba yomwe ndimachita lendi. Zipangizo si zambiri ayi, laputopu ya Core i5, RAM 8GB, Windows 10, saundi kadi (kabokosi kolumikizira maiki ndi masipika ku kompyuta) ya USB ya ma input awiri yomwe ndinagula kwa munthu wina ku Lilongwe itagwirako kale ntchito, maiki imodzi ya condenser, masipika awiri a monitor ndi mahedifoni. Ndimagwiritsa ntchito FL Studio, ma beat ndimapangira momwemo mawu ndimajambuliranso momwemo. Kuyambira Juni mpaka Seputembala zonse zimayenda bwinobwino, ndajambula anyamata angapo a patauni pano palibe anadandaulapo. Mwezi uno wa Okutobala ndi pomwe zasokonekera.

Ndikayamba kujambula mawu amalowa bwino kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kenako umangomva the the the ngati nkhuni zikuthetheka pamoto, nthawi zina mawu amadukaduka ngati munthu akuyankhula pa foni pomwe netiweki ikuvuta, ndipo zimenezi zikulowa mu fayilo momwe osati m'masipika mokha. Masana zimanyanya, m'mamawa zimachepa. Kupatula apo m'masipika muli kaphokoso kosatha kapansipansi kuti huuuu, pamwamba pake pali kenanso kolira ngati udzudzu ndipo ndikasuntha mawusi kamasintha kaliridwe. Chondiopsa kwambiri n'choti kawiri konse saundi kadi yazima yokha ndili mkati mojambula, ka getsi kake kuthima FL n'kuima, mpaka nditazula chingwe n'kulowetsanso.

Ndachotsa ASIO4ALL, pulogalamu yolumikiza FL ndi saundi kadi, n'kuiikanso katatu, ndayesa FL Studio ASIO, ndasinthasintha mapoti onse atatu a USB, ndafufuta ma plugin ena, bandulo yanga yonse yathera pa YouTube. Tchaja yomwe inabwera ndi laputopu inapsa kumapeto kwa Seputembala ndiye ndinagula ina pamsika, ikutchaja bwino ilibe vuto. Magetsi akathima ndimalumikiza pa inveta ya sola ya alandilodi. Tebulo ndinalisunthira pawindo chifukwa cha kutentha nde chingwe cha USB chinafupika, ndinagula chachitali cha pulinta n'kulumikizanso ka ekisitenshoni. Sindikuganiza kuti izi zikukhudzana ndi vutoli koma ndangolemba kuti mudziwe zonse.

Chomwe chikundiwawa ndi ichi. Loweruka lathali kunabwera amayi a Chigwirizano ochokera cha ku Khombedza, analipo 18, akhala akusonkherana ndalama kwa miyezi kuti ajambule nyimbo zinayi, ena anachita kugulitsa mpunga wawo. Anabwera pa lole mayunifolomu atachita kusita. Chipinda n'chaching'ono ndiye ndimawalowetsa anayianayi ena akudikira pansi pa mtengo wa mango panja. Nyimbo yachiwiri amaitsogolera agogo ena a mawu okoma zedi, anaimba ndi mtima wonse mpaka amayi a panja aja anangoti zii kumvetsera, koma ine pa mahedifoni ndikungomva the the the pakati pa mawu awo. Tinabwereza kasanu. Kachisanuko mawu a agogo anali atasasa. Ndinapita kwa amayi apampando ndikuti amayi pepani makina avuta, mudzabwerenso Loweruka likubwerali thiransipoti ndilipira ndine. Sanakalipe ngakhale pang'ono, anangoti mwana wanga ife tadalira iwe. Mawu amenewo sakundichoka m'mutu.

Ndiye kodi saundi kadi yafa? Pali mnyamata wina akufuna kuigula motchipa, ndimaganiza ndiigulitse ndikongole ina yoonjezera ndikagule yatsopano ku Lilongwe Lachinayi. Kapena ndi dilaiva? Ndatsala ndi masiku asanu.

Zed_wa_ku_Senga:

Amwene ingofomatani laputopuyo muikemo Windows watsopano, kenako ASIO4ALL, buffer muike 2048 basi. Ine zinandichitikira chaka chatha ndinangotero zinatha. Zikapitirira ndiye kuti kadiyo yatha, zogula kwa munthu n'zovuta izi.

Bambo_a_Tiya_KK:

Mphwanga usagulitse kanthu ndipo usafomate kaye. Kufomata kukudyera masiku awiri ndi bandulo, ma plugin onse kuikanso, koma tchaja ija ndi chingwe chija zikhala zikukudikira pomwepo. A Zed musandimve molakwa, kwa inu zinagwira, koma mnzathuyu wafotokoza matenda atatu osiyana ndipo iye akuwaona ngati amodzi. Ndajambula makwaya kuno ku Nkhotakota zaka 11 ndipo saundi kadi yofadi ndinaionapo imodzi yokha, inalowa madzi a mvula. Zinthu zitatu zomwe wati sukuganiza kuti zikukhudzana ndi zomwe ine ndikuzikayikira.

Yamba ndi chomwe sichifuna ndalama. Tchaja laputopu idzaze, zula tchaja, zimitsa masipika uzulenso mawaya ake kuseri kwa saundi kadi, utsale ndi laputopu, saundi kadi, maiki ndi mahedifoni basi. Jambula chete kwa masekondi 30 uku ukusuntha mawusi. Kenako lowetsa tchaja ujambulenso. Kenako bwezera masipika. Chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ukasintha zitatu pakamodzi sudzadziwa chomwe chachiza ndipo tsiku lina vuto likadzabwerera udzayambiranso poyambira. Mafayilo amenewo uwatumize pa foni umvetsere ndi ma earphone, chifukwa phokoso lina limangokhala m'masipika koma mu nyimbo mulibe.

Za kuzima kwa saundi kadi ndi chingwe chako. Kadiyo ilibe pulagi yakeyake, imadya magetsi a mu USB omwe ndi 5V, ndipo poti ya USB 2.0 imapereka 500mA basi, ya USB 3.0 ya buluu mkati ija 900mA. Pa 5V yomweyo kadi iyenera kupanga 48V ya maiki ya condenser komanso kukankha mahedifoni. Chingwe chikakhala chachitali, chopyapyala, chokhalanso ndi cholumikizira pakati, magetsi ena amathera panjira ndiye akangotsika pang'ono kadi imathima. Malire a chingwe cha USB 2.0 ndi mamita 5 ndipo pamenepo tikunena chingwe chabwino chopanda mfundo. Bwezera chachifupi chija, tebulo libwerere pomwe linali kapena kadi ikhale pambali pa laputopu, chotalikitsa chikhale chingwe cha maiki cha XLR, chimenecho ngakhale mamita 10 sichidandaula. Windows nayenso amakonda kugoneka mapoti a USB posunga batire. Lowa Control Panel, Power Options, sankha High performance, pa advanced settings upeze USB selective suspend uike Disabled. Kenako mu Device Manager pa USB Root Hub iliyonse, pa Power Management, chotsa ka tiki kolola kompyuta kuzimitsa chipangizocho.

Tsopano kuthetheka, apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe anthu ambiri timasochera. Ganizira kuchigayo. Chigayo chikalira sichidikira munthu, chimafuna chimanga chizilowa mosalekeza. Kompyuta ndi mnyamata wothira chimanga uja, buffer ndi chitini chomwe akutapira. Chitini chikakhala chaching'ono ayenera kuthamanga maulendo ambiri, wina akangomuitana pakhomo kwa kanthawi chigayo chimalira chopanda kanthu, ndiye the the the ukumva uja. Chitini chikakhala chachikulu sathamanga koma ulendo uliwonse umatenga nthawi. Pa sample rate ya 44100Hz, kutanthauza tizidutswa ta mawu 44100 pa sekondi, buffer ya 128 ndi pafupifupi 3ms (1000ms ndi sekondi imodzi), ya 256 ndi 5.8ms, ya 512 ndi 11.6ms, ya 1024 ndi 23ms, ndipo mawu amadutsamo kawiri, polowa ndi potuluka. 2048 yomwe a Zed anena ndi 46ms mbali imodzi, woimba akamadzimvera kudzera mu FL amakhala ngati akuimba m'phanga, mawu ake akubwera m'mbuyo ndipo amayamba kukoka nyimbo. Koma pali njira yake, pa saundi kadi yako payenera kukhala batani kapena kokhotetsa kolembedwa direct monitor. Ukayatsa kameneko woimba amadzimva molunjika kuchokera mu kadi osadutsa mu kompyuta, ndiye buffer utha kuika 512 kapena 1024 popanda womva kuchedwa. Ungokumbukira kutseka monitoring ya mu FL kuti asadzimve kawiri. Dina F10 upite pa Audio, pali nambala ya underruns, ikamakwera uku ukujambula ndiye kuti mnyamata wa chigayo akuchedwa.

Za dilaiva. ASIO anaiyambitsa ndi a Steinberg, omwe amapanga Cubase, cholinga chake pulogalamu iziyankhulana ndi kadi mwachindunji osazungulira m'njira za Windows. ASIO4ALL si dilaiva ya kadi yako, ndi chovala chomwe chimaveka dilaiva wamba ya Windows kuti ioneke ngati ASIO, inapangidwira makadi omwe alibe yawoyawo. Mwachitsanzo Behringer UM2 ndi UMC22 zimadalira ASIO4ALL, koma UMC202HD ili ndi dilaiva yake, ma Focusrite Scarlett nawonso ali ndi yawo. Tembenuza kadi yako uwerenge modelo, upite pa webusaiti ya omwe anaipanga osati masamba ena aja odzaza mabatani a download. Ngati ilipo yakeyake chotsa ASIO4ALL, uike imeneyo, uyatsenso kompyuta, usankhe dzina lake mu FL. Uonetsetsenso kuti Windows ndi FL zili pa sample rate imodzi, kapena bola mawu a Windows uwasiye azitulukira pa masipika a laputopu, kadi ikhale ya FL yokha.

Ndiye amene amaitana mnyamata uja pakhomo ndani? Nthawi zambiri ndi dilaiva ya Wi-Fi. Pali ka pulogalamu kaulere kotchedwa LatencyMon, n'kakang'ono sikadya bandulo, kasiye kayende mphindi 10 uku FL ikusewera, kakuuza fayilo yomwe ikugwira purosesa nthawi yayitali. Ukaona ndis.sys ndi za netiweki, pojambula uziika airplane mode.

Ndipo wati masana zimanyanya. Mphwanga uli ku Salima mu Okutobala, denga la malata, laputopu ikatentha purosesa imadzichepetsa liwiro kuti isapse. Gwira pansi pake masana undiuze. Fani yake inatsukidwapo liti?

Mphwanu_wa_Salima:

Akulu zikomo kwambiri, ndawerenga kawiri. Ndangochita zoyamba zija pompano usiku uno. Nditazula tchaja ka udzudzu kaja kanangoti zii nthawi yomweyo, ndinalowetsa kanabwerera, ndinazula kanasiya, ndachita kanayi kuti ndikhulupirire. Ndipo mu fayilo yomwe ndajambula tchaja ili mkati kakumveka ndithu pa foni. Huuuu uja akubwera ndikabwezera masipika, makamaka pano magetsi athima tili pa inveta ndiye wakula kwambiri, koma mu fayilo sindikumumva.

Kadi ndaitembenuza, ndi ya gulu lija lokhala ndi dilaiva yakeyake. Amene anandigulitsa anandipatsa ASIO4ALL pa fulashi ndiye ine ndimangoti ndi momwe zimakhalira, miyezi yonseyi. Buffer inali pa 128 chifukwa ndinaona pa vidiyo ina kuti yaing'ono ndiye yabwino. Ndidawunilodi dilaivayo mawa m'mawa ndikagula bandulo. Fani sinatsukidwepo chiigulireni laputopuyi ndipo masana pansi pake sungasiyepo dzanja nthawi yayitali.

Funso lina, mnzanga wina wokonza mawailesi wandiuza kuti huuuu ameneyu amatha ukadula waya wa earth mu pulagi ya masipika, ati iye amatero pa ma amplifaya a zoimbira. Ndichite?

Wamagetsi_Dwangwa:

Achimwene chonde musadule waya ameneyo. Ine za FL Studio sindizidziwa koma magetsi ndi ntchito yanga ndipo apa ndikupemphani. Zoona phokoso litha kusiya, koma waya wa earth ndi womwe umatenga magetsi tsiku lomwe china chake chaphulika mkati mwa sipika n'kukhudza chitsulo chakunja. Mukaudula magetsiwo asaka njira ina, ndipo njira yake ndi chingwe chopita ku saundi kadi, kuchoka apo ku maiki, ndipo pa maikipo pali munthu. Athu ndi 230V. Mayi wovula nsapato ataima pa simenti atagwira sitandi ya chitsulo, musayerekeze.

Huuuu mukumvayo ndi kulira kwa magetsi athu enieniwo, amasinthasintha ka 50 pa sekondi, 50Hz. Amene amaimba bezi gitala akuuzani kuti ali pafupi kwambiri ndi G wapansi. Amalowa m'masipika pamene zipangizo zalumikizana njira ziwiri, kudzera ku mawaya a mawu komanso kudzera ku earth wa masoketi osiyana, ndiye pamakhala ngati mkombero woti timagetsi tizizunguliramo. Choyamba, laputopu ndi masipika onse awiri zidye pa ekisitenshoni imodzi yabwino ya mapini atatu, yochokera pa soketi imodzi. Chachiwiri taonani mapulagi a mawaya ochoka ku saundi kadi kupita ku masipika. Ngati jaki yake ili ndi kamzere kakuda kamodzi ndi chingwe cha gitala chimenecho, chimatola phokoso lililonse. Mupeze za timizere tiwiri, amati TRS kapena balanced, ngati kadi ndi masipika anu zili ndi mabowo olandira zimenezo. Ndipo mawaya a mawu asagone limodzi ndi a magetsi kapena pamwamba pa tchaja, akafuna kudutsana adutsane mopingasa.

Za inveta. Ma inveta ambiri otchipa omwe ali m'makomo mwathu ndi a modified sine wave, magetsi ake sayenda mosalala ngati funde la panyanja, amakwera ndi kutsika modumpha ngati masitepe. Babu ndi TV sizidandaula koma zoimbira zimalira zzzz, ngakhale fani ya m'nyumba mumaimva ikung'ung'udza. Yoyenera situdiyo ndi yolembedwa pure sine wave, ndi yodula. Komanso nyumba zambiri zomwe ndimapitako inveta imangokhala pansi pa tebulo yopanda earth aliyense. Ndiye pa Loweruka lino musadalire inveta ya alandilodi, masipika akhale ozima, mugwire ntchito ndi batire la laputopu ndi mahedifoni.

Tchaja munagula pamsikayo, ndikhulupirira ndi yopepuka kuposa inapsa ija. Mkati mwa zoterezi amachotsamo tizipangizo tosefa phokoso kuti mtengo utsike, kutchaja imatchaja koma imalavula zinyalala mu laputopu. Onani pansi pa laputopu kapena pa tchaja yakaleyo ngati simunataye, palembedwa ma volt ndi ma amp, mukasake yeniyeni ngakhale yakale kwa okonza makompyuta.

Chomaliza, ngati pafupi pali chigayo kapena owotcherera zitsulo, mota ikamayamba mababu amaphethira ndipo nthawi zina ka pha kamalowa mu zojambula. Pa batire zimenezo sizikukhudzani. Mvula ya mabingu yayandikira, muzizula zonse pakhoma mukamachoka.

Nachisale_wa_Saundi:

Achimwene zambiri akuuzani kale abambowa, ine ndingoonjezera za amayiwo chifukwa ndimayendetsa zokuzira mawu kutchalitchi kwathu kuno ku Nkhotakota ndipo ndajambulapo amayi anzanga kangapo.

Bwanji inuyo osapita ku Khombedza m'malo mowakweza lole anthu 18? Katundu wanu akwana m'chikwama chimodzi, ndalama ya lole musunga. Komanso kwaya ya amayi siimba bwino mukaigawa anayianayi m'kachipinda kotentha atavala mahedifoni omwe sanawazolowere, iwo amadalirana, wa alto amamvera mpweya wa mnzake wa pambali, amaponda limodzi. M'tchalitchi mwawo aima momwe amaimira masiku onse. Mufike m'mamawa kusanatenthe, malata asanayambe kulira ndi dzuwa komanso njinga zamoto za kabaza zisanachuluke pamsewu. Ndipo muyambe ndi nyimbo ya agogo ija mawu awo akadali abwino, musaisiye kumapeto. Mafoni onse azimitsidwe kapena akhale panja, foni ikakhala pafupi ndi chingwe imalowetsa ka dididi kaja.

Maiki yanu mumaisunga pati? Kuno kunyanja chinyontho chimavutitsa ma condenser, kakhungu ka mkati kakanyowa kamathetheka kokha ngakhale dilaiva ili bwino, ndipo mawu ake ndi ngati mafuta akuwira mu chiwaya cha tchipisi. Yanga inandichitira zimenezi mu Febuluwale ndinada nkhawa kuti yafa, ndinaiika m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato, patatha masiku atatu inasiya. Pano kwauma mwina si vuto lanu koma mvula ikayamba muzikumbukira. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta, zulani maiki museweretse beat yokha, ikamathethekabe ndi kompyuta, ikasiya ndi maiki kapena chingwe chake. Ndipo 48V muziyatsa mutalumikiza kale maiki, pozula muyambe mwazimitsa, gain (kokhotetsa kokwezera mphamvu ya maiki) ili pansi.

Gain musaikweze kwambiri. Amayi poyeserera amaimba mwamanyazi koma nyimbo ikawalowa, makamaka akafika pa nthungululu, mita imafiira ndipo mawu osweka choncho sakonzeka. Muwapemphe aimbe kaye gawo lomwe amakweza kwambiri, mita izifika cha pa -12, mujambule WAV ya 24 bit, kukweza mudzakweza pa mix. Muwafunsenso ngati akufuna kudzapanga vidiyo, ngati eya polojekiti muyambire pa 48000 chifukwa za vidiyo zimayendera imeneyo. Ndinaonapo fayilo ya 44100 itaseweredwa ngati ya 48000, nyimbo inathamanga mawu n'kukwera kupitirira semitone imodzi, amayi sanadzizindikire.

Mukamaliza nyimbo iliyonse muwamvetsere amayi apampando pa mahedifoni musanapite pa ina, ndipo mukopere pa fulashi nthawi yomweyo.

Mphwanu_wa_Salima:

Lero Lachinayi, ku Lilongwe sindinapite. Ndikuuzeni momwe zayendera.

Lachiwiri ndinaika dilaiva ya kadi, ASIO4ALL ndinachotsa, chingwe chachifupi ndinabwezera, masetingi a USB ndinasintha monga munanenera akulu a ku KK. Kuchokera pamenepo kadi sinazimepo. Kuthetheka kunachepa koma sikunathe, underruns imakwerabe pang'onopang'ono ngakhale pa 512. LatencyMon inaloza ndis.sys yemweyo, nditaika airplane mode mzere wofiira unasowa. Dzulo ndinapita nayo laputopu kwa wokonza wina pa Kamuzu Road, atatsegula pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsira mpweya panali fumbi logwirana ngati kachidutswa ka bulangeti, anachita kulikoka ndi kachitsulo lonse n'kutuluka limodzi. Anapakanso mafuta atsopano pa purosesa. Iye yemweyo wandibwereka tchaja yeniyeni ya laputopu ngati yanga mpaka Lolemba, yolemera ya chingwe cha mapini atatu, ka udzudzu kulibe ngakhale ili pamoto.

Lero masana dzuwa lili paliwombo ndatseka windo dala, ndajambula mphindi 40 osaimitsa ndikuwerenga nyuzipepala yakale mokweza, underruns 0. Ndamvetsera fayilo yonse pa mahedifoni mpaka kumapeto, mulibe the ngakhale mmodzi.

Waya wa earth sindinadule abambo a ku Dwangwa, ndamuuzanso mnzanga uja zomwe munalemba. Mawaya a masipika ndi a kamzere kamodzi monga munanenera, a TRS sindinawapeze patauni pano ndiye huuuu akadalipo pang'ono, pa inveta ndiye kwambiri, zimenezo ndidzaona mwezi ukatha.

Achemwali a Nachisale, ndawaimbira amayi apampando, asangalala kwambiri kuti ndipita konko, ati abusa avomera tigwiritse ntchito tchalitchi ndipo agogo aja akumwa madzi otentha a mandimu sabata yonse. Vidiyo akufuna, ndiye 48000. Ndinyamuka 5 koloko. Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi batire, limakhala ola limodzi ndi theka basi ndipo kutchalitchiko kulibe magetsi. Komanso maiki ndi imodzi, anthu 18, ndiiimike pati?

Nachisale_wa_Saundi:

Aime mokhota ngati uta mizere iwiri, maiki pakati patsogolo pawo masitepe atatu kapena anayi kuchokera pa mzere woyamba, muikweze ipitirire pang'ono mitu yawo iweramire kwa iwo kuti a kumbuyo amvekenso. Agogo atsogole sitepe imodzi kapena ziwiri kuyandikira maiki, mumvetsere, ngati akumira asendere pang'ono. Amene mawu awo ndi amphamvu kwambiri muwaike mzere wakumbuyo, amayi apampando akuwadziwa, afunseni mwakachetechete asankhe okha. Pansi pa sitandi muyale chitenje chopinda kanayi chifukwa akayamba kuponda simenti imanjenjemera mpaka mu maiki.

Bambo_a_Tiya_KK:

Za batire, kuyeserera konse achite laputopu ili yotseka, uyatse pokhapokha akonzeka. Tsegula polojekiti yopanda plugin iliyonse, kuwala kwa sikirini utsitse, buffer 1024 popeza palibe wovala mahedifoni koma iwe. Nyimbo zinayi, iliyonse katatu, ndi pafupifupi ola limodzi ukapanda kutaya nthawi pakati. Tenganso tchaja yobwereka ija, pa Khombedza pali mashopu otchajitsa mafoni, zikathina amayi akapumako iwe ukathamangire kumeneko pa kabaza. Ndipo High performance ija ukaione ukazula tchaja, mbali ya On battery ili ndi masetingi akeake, USB selective suspend uike Disabled konsekonse usananyamuke.